Sikiri ya Munthu Mmodzi

Bambo anga anawaika m'manda mwakachetechete ngati munthu wofa akuba mbuzi. Ndinaonera pa foni, nditakhala pa ndowa yovundikira m'chipinda chochapira zovala, ku nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ku Erdington, mu mzinda wa Birmingham. Anamwalira m'mawa, pofika masana anali atalowa kale m'dothi, monga timachitira Asilamu, moti za tikiti ya ndege sindinaziganizire n'komwe. Msuweni wanga ndiye ankajambula. Anthu ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, kuchoka pakhomo pathu mpaka kumanda, ndipo ine ndinkangomva mapazi, mphepo, ndi makina ochapira kumbuyo kwanga. Ndinakweza mawu a foni mpaka pamapeto poganiza kuti vuto ndi netiweki. Netiweki inali bwinobwino.

Kuti mumve chomwe chinandiwawa, muyenera kudziwa kuti munthu ameneyo anali ndani. Kwathu ku Machinga, pakagwa maliro a Msilamu kapena pakakhala sadaka, ankatumiza njinga kudzatenga bambo anga kuti akatsogolere sikiri. Pa sikiri amuna amaima mozungulira, phewa ndi phewa. Wotsogolera amayambitsa nyimbo yotamanda Mulungu ndi Mtumiki, enawo n'kumavomera ndi chifuwa osati ndi pakamwa: kuwerama n'kutulutsa mpweya, kudzuka n'kuukoka, onse pamodzi, pang'onopang'ono poyamba, kenako mothamanga, mpaka dzina la Mulungu limasanduka kupuma kokhakokha ndipo nthaka imachita kunjenjemera. Osadziwa amati ndi gule. Bambo akamva zimenezo ankalavula. Ankati wovina gule amafuna kuti anthu amuone, pomwe wa sikiri amafuna kudziiwala. Anaperekeza nayo mitembo yosawerengeka, ya olemera ndi ya amphawi, ndipo mawu awo anali atasasa kalekale chifukwa cha ntchito imeneyo.

Amene analetsa sikiri pamaliro awo ndi mng'ono wanga. Anapita kunja kukaphunzira za chipembedzo, n'kubwerako ndi thalauza lolekezera pamwamba pa akakolo ndi liwu limodzi lomwe amalithira paliponse ngati mchere: bida, kutanthauza chinthu chongopeka chomwe Mtumiki sanachite. Kwathu anthu otere timawatchula Asukuti, anthu okonda kuti maliro aziyenda chete. Bambo ali moyo, iye ankangokukuta mano. Atangotseka maso, anaima pakhomo ndi anzake n'kulengeza kuti pamaliro ano palibe kuimba. Ndinamuimbira foni, ndinamukalipira, ndinamukumbutsa kuti wamkulu ndine. Anandimvetsera ndi ulemu wonse, kenako n'kuti, "Achimwene, inu muli kutali." Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ukulu wa pa foni umathera pomwe yathera bandulo.

Patapita masiku angapo amayi anandiimbira pa foni ya azakhali, chifukwa yawo inali m'manja mwa mng'ono wangayo. Nkhani yawo inali ya arobaini, tsiku la makumi anayi chimwalirireni munthu, pomwe timaphika sadaka n'kumuchitira sikiri yomaliza.

"Kuno sadzalola," anatero amayi. "Mpunga tikhoza kuphika mobisa, koma sikiri sibisika. Kodi kumene uliko kulibe Asilamu?"

"Alipo, amayi. Mizikiti ili paliponse, kuposa kwathuko."

"Ndiye uwachitire bambo ako. Asapite chete kawiri."

Ndinavomera msangamsanga, chifukwa kuvomera sikutopetsa. Nditadula foni m'pamene ndinakumbukira kuti sikiri sachita munthu mmodzi.

Ndinayamba ndi mnzanga wogona naye nyumba imodzi, mnyamata wa ku Dedza, Mkhristu wabwino mtima amene sadziwa kukana mwachindunji. Anakanda mutu n'kuti, "Aise, pepani kwambiri, koma wiki imeneyo ndili pa ma long day okhaokha, ndikukavira m'Zambia uja wa kuntchito, wakola siki kuti akudwala. Bwanji tiwabukire a kwaya ya ku tchalitchi ku Coventry? Amaimba bwino heve, mwamva. Mungowatumizira mawerdzi." Ndinaseka kuti ndisamutukwane. Asilamu a kwathu ndinkadziwa awiri okha, onse ku Hillfields. Woyamba anandiyankha ndi liwu la mng'ono wanga lija, ngati anaphunzira kalasi imodzi. Wachiwiri anati iye amaikonda sikiri kwambiri, koma amakhala pa fulati ya pamwamba, ndipo amuna akuluakulu akayamba kudumpha pamenepo aneba aimbira landilodi nthawi yomweyo. Masabata anayi anatha choncho, ine ndikusintha matewera a azungu okalamba masana, ndikufunsa anthu ngati wopempha ndiwo.

Amene anandipatsa chiyembekezo anali agogo ena a m'chipinda cha kumapeto. Anachoka ku Pakistan ali mnyamata, n'kuyendetsa basi mu Birmingham mpaka kupuma pa ntchito. Sitiroko inawapha mbali yakumanzere n'kuwapotoza lilime, moti Chingelezi chawo tinkachimva ndife tokha owasambitsa tsiku ndi tsiku; ana awo ankangogwedeza mutu n'kumwetulira. Pawindo pawo panali mulu wa mabuku akale.

M'mawa wina ndikuwaveka sokosi, ndinayamba kupuma mwa sikiri osazindikira, motsitsa, kutsatira mmene ndinkaweramira. Agogowo anandigwira phewa ndi dzanja lawo lamoyo n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani.

"Kwathu timati sikiri," ndinatero.

"Zikir!" anakuwa, malovu akutsika. "Zikir!"

Liwu lake linali lomwelo, lilime lokha ndiye losiyana. Ndinakhala pa bedi, chinthu choletsedwa pa ntchito yathu, n'kuwauza zonse: za bambo, za mng'ono wanga, za arobaini. Iwo nawo anamasuka. Anati kalekale, zaka mazanamazana zapitazo, m'misewu ya amalonda kuchokera ku Baghdad kudutsa ku Perisiya mpaka ku India, kunali nyumba za anthu a zikir. Mlendo akafika ankamusambitsa mapazi, kumupatsa mphasa ndi chakudya masiku atatu asanamufunse dzina kapena kochokera. Akatha kudya ankabwera oimba ndi chitoliro cha bango ndi ng'oma, ndipo anthu ankazungulira mpaka nduwira kugwa pansi. Kenako anakweza chala n'kunena chinthu chomwe chinandilowa mpaka m'mafupa.

"Panali lamulo, mwana wanga. Nyimbo ikamugwira munthu mmodzi n'kuimirira, onse ayenera kuimirira naye. Kaya ndi shehe wamkulu, kaya ndi mwana wa mfumu. Ndipo sakhala pansi mpaka iye atakhala. Munthu samusiya ataima yekha pamaso pa Mulungu."

"Mpaka lero, agogo?"

"Mpaka lero," anatero.

Sindinawafunse kuti anapitako liti komaliza. Ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinangomeza nkhani ya m'mabuku kuchokera kwa dalaivala wa basi amene sanatuluke m'chipinda chake kwa zaka.

Anandiuza kuti anthu awo amasonkhana Lamlungu lililonse masana, ikatha swala, ndipo anayamba kuvutitsa mwana wawo wamwamuna kuti awatengereko. Mwanayo, bambo wa msinkhu wanga wobadwira konkuno, anapempha amanijala kuti apereke wosamalira mmodzi woperekeza. Ndinadzipereka ndisanafunsidwe. Arobaini inkagwa Lolemba, koma ndinadziuza kuti Mulungu sangakangane nane pa tsiku limodzi. Choncho ndinapita ndili pa ntchito, yunifolomu pathupi, baji pachifuwa, kofiya pamutu. Sindinauze mwanayo chilichonse. Ndinkaganiza kuti palibe chouza anthu odziwa kale.

Malowo anali ku Alum Rock, holo yomwe kale inali sitolo ya makapeti. Kulandira alendo ndiye amatha, zimenezo sindingawanamizire. Pakhomo anatithira madzi onunkhira maluwa m'manja, anatipatsa zipatso za tende, ndipo madoda ankabwera mmodzimmodzi kudzapsompsona dzanja la agogo. Ine ankandisisita kumsana n'kumati m'bale wathu, takulandirani. Palibe anandifunsa dzina, ndipo ndinadziuza mumtima: nawu mwambo wa masiku atatu uja. Pambuyo pake m'pamene ndinazindikira kuti dzinalo linali lolembedwa pachifuwa panga, zilembo zikuluzikulu, ndipo palibe analiyang'ana. Kwa iwo ndinali mbali ina ya njinga ya olumala yomwe ndinkakankhirapo agogo.

Ndinaika njingayo pafupi ndi khoma, ndinamanga mabuleki, n'kumanga lamba wa m'chiuno mwa agogo monga linanenera pepala la chisamaliro chawo. Kenako ndinakhala pa kapeti pambali pawo.

Zikir yawo inayamba. Anthu anakhala pansi m'mizere, maso otseka, mikanda ya tasibihi m'manja, milomo ikungoyenda. Ndinadikira kuti aimirire. Sanaimirire. Ndinadziuza kuti akutenthetsa kaye. Kenako kutsogolo kunakhala amuna asanu, mmodzi ndi kabokosi kopopa ndi dzanja ngati mvukuto, wina ndi ting'oma tiwiri, otsalawo akuwomba m'manja. Mawu a nyimbo sindinamve ngakhale limodzi. Koma wotsogolera anali ndi mawu osasa, ndipo atayamba kubwereza dzina la Mulungu, enawo akumuvomera, ng'oma ikuthamangira, ndinamva kugunda komwe ndinakula nako. Kunali kwenikweni, kosasowa kumasulira. Ndinayang'ana agogo. Anagwedeza mutu.

Ndinaimirira.

Ndinanena dzina la bambo anga mumtima, ndinawerama, n'kutulutsa mpweya woyamba. Amene sanaimvepo sikiri sangadziwe kuti phokoso lake ndi lotani likamachokera m'chifuwa chimodzi. Pagulu limamveka ngati mtima wa mudzi wonse. Kwa munthu mmodzi limamveka ngati mbuzi yotsamwa. Ine sindinkadzimva. Maso anali otseka, misozi ikutsika, ndipo ndinkadikira phewa la munthu kuti ligunde langa kumanja, lina kumanzere. Ndinamva anthu akudzuka. Ndinamva mapazi akubwera pa kapeti. Ndinaganiza kuti bambo, ndi awa abwera.

Anandigwira m'khwapa. Wina anakuwa kuti munthuyu akugwa khunyu. Ndisanatsegule maso bwinobwino ndinali pansi, atandigoneka chammbali, wina akundimasula kolala, awiri atandipana miyendo, wina atandiika jekete kumutu, wina atandigwira mkono. Wachisanu ndi chimodzi anali dokotala, chifukwa pagulu lotere dokotala salephera, ndipo ankandiunika m'maso ndi tochi ya foni, akundifunsa ngati ndikudziwa kuti lero ndi lachingati. Kofiya yanga inagubuduka. Oimba anasiya.

Pansi pomwepo, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, ndinaona agogo. Anali atakanikiza dzanja lawo lamoyo pa mkono wa njinga, nkhope itafiira, akulimbana kuti aimirire. Ankadzuka pang'ono n'kubwerera, kudzuka n'kubwerera. Chinkawabweza ndi lamba yemwe ndinawamanga ndekha. Ankakuwa, ndipo holo yonse inkangomva kubuula kwa nkhalamba yodwala yomwe yachita mantha. Ndine ndekha ndinamva mawuwo, chifukwa lilime limenelo ndinkalimva m'mawa uliwonse. Ankati imirirani. Imirirani naye. Njinga inapendekera, mwana wawo anaiwakha isanagwe, n'kuyamba kuwasisita mutu kuti adekhe.

Ndikanatha kunena kuti ndikupemphera. Poyamba mpweya unali utandithera. Utabwerera, ndinayang'ana nkhope zomwe zinandizungulira, ndipo zonse zinali zodzaza chifundo chenicheni. Akanandinyoza ndikanawayankha, pakamwa ndili napo. Koma munthu amene wavula jekete yake kuti mutu wako usagunde pansi umamuuza chiyani? Ankafuna kuitana ambulansi. Ndinati ayi, ndili bwino, zadutsa.

Ananditengera kukhitchini n'kundikhazika pa mpando. Tiyi wa mkaka wothira shuga wambiri, mbale ya biriyani yosefukira, nyama yowonjezera chifukwa ndine wodwala. Ankasinthana kudzandiona. Mkati nyimbo inayambiranso, ine ndili ndi supuni m'manja. Ndinadya, ndipo chomwe chimandinyansa mpaka lero n'chakuti mpungawo unali wokoma. Pochoka anandilongedzera mabokosi ena awiri kuti ndikadye kunyumba, n'kundilangiza kuti ndisamadzipanikize ndi ntchito. M'galimoto agogo anatembenukira kuwindo njira yonse.

Lolemba, tsiku lenileni la arobaini, amanijala anandiitana ku ofesi. Ndi mayi wa mawu ofewa, amene amatseka chitseko pang'onopang'ono akafuna kukupweteka. Anati mwana wa agogo aja waimba foni. Sakudandaula ayi, akungondidera nkhawa. Kenako anandiyalira nkhani yonse poyera. Ngati ndinadwala mwadzidzidzi, palibe mlandu: ndilembe fomu, ndikaonane ndi dokotala, masiku angapo ndisanyamule anthu ndi makina. Koma ngati ndinachita kudzuka mwadala, kusiya wodwala amene ndinapatsidwa kuti ndimuyang'anire mpaka njinga yake kutsala pang'ono kugwa, imeneyo ndi nkhani ina, yoyenera kukanenedwa kumtunda. Sanatchule viza. Sankafunika kuitchula. Tonse awiri tinkadziwa kuti chilolezo changa chokhalira m'dziko lino chinamangiriridwa pa nyumba imeneyi, ndipo ntchito ikatha nachonso chimayamba kutha.

"Ndiye chinachitika n'chiyani?" anafunsa, akundikankhira fomu ndi cholembera.

Panali mizere inayi yopanda kanthu. Inkakwana kulembapo kuti bambo anga anamwalira, kuti anali wotsogolera sikiri, kuti ndinaimirira kuwaperekeza. Ndinayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Kenako ndinalemba m'Chingelezi chabwino kuti ndinachita chizungulire chifukwa sindinadye m'mawa. Ndinasayina, n'kuika deti.

Masiku makumi anayi onse ndinkatukwana mng'ono wanga. Komatu iye poletsa sikiri ankakhulupirira zomwe ankachita. Analakwa, koma anaima pakhomo masana n'kunena poyera. Ine sindinkakhulupirira chilichonse, ndinkangoopa. Iye anaitcha bida. Ine ndinaitcha chizungulire, ndipo zanga zili m'fayilo, ndi siginecha.

Madzulo a tsiku lomwelo, nditaweruka, ndili pa siteji ya basi mvula ikuwaza, foni inalira. Inali nambala ya azakhali, mawu a amayi. Ankalankhula motsitsa, ndiye kuti mng'ono wanga sanali patali.

"Kuno taphika pang'ono, tapereka kwa aneba," anatero. "Nanga iwe, wawachitira?"

"Ndawachitira, amayi. Dzulo."

Anapuma mpweya wautali. "Analipo anthu angati?"

Basi inafika, inatsegula chitseko, inatseka, n'kupita. Ndinawerenga m'mutu: wa kolala, awiri a miyendo, wa jekete, wa mkono, wa tochi.

"Asanu ndi mmodzi."

"Ndi ochepa," anatero amayi, "koma akwana. Bambo ako ankayamba ndi anayi. Anaima nawe pafupi? Sanakutalikire poti ndiwe mlendo?"

"Anandigwira onse, amayi. Mwamphamvu."

Ndinamva akulira, kulira kwa munthu amene watula katundu. Anayamika Mulungu katatu. Anati chimwalirireni bambo sanagonepo tulo tenitweni, koma lero agona.

"Anthu amenewo ndi abale ako tsopano," anatero. "Ukawathokoze mmodzimmodzi. Uwauze kuti mayi wamasiye wa ku Machinga wati zikomo."

Ndinati ndikawauza.